Wodula Nsalu Amene Anapempha Nyundo

Panali munthu wina wodula nsalu, dzina lake a Chapola. Anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu pa fakitale yosoka malaya m'tauni ina, ndipo zaka khumi zomalizira anali kapitawo. Anali munthu wa diso lakuthwa. Msoko ukakhota pang'ono, ankauphwasula pamaso pa telala amene wausoka, osakweza mawu, n'kumubwezera nsaluyo. Matelala ankawanyinyirika, koma akapita kukafuna ntchito kwina ankayamba ndi kunena kuti anaphunzira kwa a Chapola.

Kenako kunabwera mabelo. Kaunjika anadzaza misika, ndipo pambuyo pake kunafika malaya atsopano ochokera kunja, otsika mtengo kuposa nsalu yosasoka. Palibe amene analakwa pogula. Inenso jekete ndavalayi musandifunse kumene ndinaigula. Koma fakitale inayamba kutsegula masiku atatu pa sabata, kenako awiri, ndipo Lolemba lina antchito anapeza geti lili ndi loko. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba ndithu, kungoti palibe amene ankafuna kumva.

A Chapola anali ndi zaka makumi asanu ndi zitatu. Nyumba inali ya lendi. Mwana wawo wotsiriza anali kusekondale. Kumudzi, munda umene ukanakhala wawo abale anali atagawana kalekale. Kunalibe kobwerera, ndipo ntchito imene manja awo ankaidziwa palibe amene ankaifunanso.

Ndiye kunabwera bungwe lina ndi thandizo la anthu otere, amene ntchito zawo zinatha chifukwa cha katundu wochokera kunja. Silinkapereka ufa kapena zofunda. Linkamutenga munthu n'kumupereka kwa mmisiri wa ntchito ina kuti aphunzire akugwira, miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pa malipiro ake bungwe linkaika theka, mmisiri theka. Malamulo analipo, olembedwa pa pepala limodzi. Mmisiri asachotse wantchito wake wakale kuti alowetse uyu wotsika mtengo. Wophunzira asasandutsidwe wotumidwa kumsika kapena mlonda, koma agwire ntchito yeniyeniyo ndi manja ake. Ndipo pakutha pa miyeziyo kudzabwera woyesa. Wophunzira akakhoza, mmisiri amulembe ntchito. Akalephera, mwayi wapita, chifukwa pamzere pali anthu ambiri ndipo palibe wolowa kawiri.

A Chapola anawapereka kwa mayi wina wowotcherera zitsulo, dzina lake Eluby. Anali ndi shedi yake m'mbali mwa msewu, yopanga mageti ndi mafelemu a mawindo, ndi amisiri awiri. Zaka zake zinali zofanana ndi za mwana woyamba wa a Chapola. Ntchito ankaidziwa, pakamwa panali pololera koma posanyengerera, ndipo felemu lililonse la amisiri ake ankaliyesa ndi nyundo lisanatuluke. Lolumikizidwa bwino limapirira. Longopakidwa pamwamba limaguluka.

Koma Eluby analeredwa bwino, ndipo vuto linagona pamenepo.

Tsiku loyamba a Chapola anafika atavala jekete ndi tayi, imvi zili mbuu. Eluby atawaona, mawondo anapinda okha. Anathamanga kukabwereka mpando kwa wogulitsa matabwa, n'kuuika pamthunzi. Anawathirira tiyi. Chitsulo cholemera akafuna kunyamula, ankati, "Siyani bambo, anyamule awa." Akafuna kuwauza chinthu ankayamba wanjuta, mawu ali pansi, maso ali pa nsapato zawo. Kodi mwana wolongosoka angamuuze bwanji munthu wa imvi kuti walakwitsa? Kwathu kuno timazungulira, timaphiphiritsa, kapena timangokhala chete.

Anawapatsa ndithu chotchinga kumaso ndi makina owotcherera, popeza lamulo linatero. A Chapola ankayeza bwino kuposa aliyense pa shedipo, pakuti tepi ndi yomweyo kaya pansalu kaya pachitsulo. Koma kulumikiza kunali kwina. Akamaliza felemu, ankalembapo kamtanda ndi choko chawo cha utelala, monga ankachitira ndi nsalu iliyonse imene ankadula. Eluby ankabwera, n'kuliyang'ana, nyundo ataisiya patali.

"Zili bwino, bambo. Mwayesetsa."

Mawu amenewa ankawakomera a Chapola. Tisawanamizire, mpando uja ankaukonda, ndipo tiyi sankamukana. Munthu amene dziko lamuuza kuti alibenso ntchito, ulemu umamukomera kuposa chakudya. Kunyumba ankauza akazi awo kuti chitsulo n'chosavuta kusiyana ndi nsalu, chifukwa sichiterera. Miyezi inayi inatha choncho.

Tsiku lina masana ananyamuka kukadya, koma ali panjira anaona kuti aiwala magalasi awo. Atabwerera anamva chopalira zitsulo chikulira kuseri kwa shedi, pamene aliyense amayenera kukhala akupuma. Anasuzumira pa mpata wa malata. Anaona Eluby ali yekha, atawerama pa felemu, akudula ngodya imodziimodzi n'kumalumikizanso. Chakudya chake chinali pambali chosatsegula. Pa felemupo panali kamtanda ka choko. Pakhoma panatsamira ena atatu odikira, onse a timitanda.

A Chapola anazindikira kuti onsewo anali mafelemu awo. Poyamba anapsa mtima, ndipo anafuna kulowa kuti amufunse mwanayo chifukwa chimene wawapusitsira. Kenako mkwiyo unatha, manyazi n'kulowa. Anakumbukira kuti iwo sanamubisirepo telala msoko wokhota, ngakhale tsiku limodzi, chifukwa ankadziwa kuti telala wobisiridwa amakalamba ali mbuli. Anadziwanso kuti pa miyezi inayi yonse sanafunsepo chifukwa chimene nyundo imawalambalala. Pomaliza panabwera mantha. Miyezi inatsala iwiri, ndipo woyesa sadzanjuta.

Magalasi aja sanawatenge. Anabwerera mwakachetechete, ndipo tsiku limenelo chakudya sichinalowe.

M'mawa mwake anafika opanda jekete. Ananyamula mpando uja n'kukaubweza kwa mwini wake. Anatenga zitsulo ziwiri, n'kuzilumikiza pangodya mmene ankachitira masiku onse, n'kuziika pansi pakati pa shedi. Kenako anatenga nyundo yaikulu, anapita pamene panaima Eluby, ndipo anagwada pa fumbi la zitsulo, nyundo ataigwira ndi manja awiri monga mwana amaperekera chinthu kwa wamkulu.

Amisiri aja anazimitsa makina. Anthu odutsa mumsewu anaima.

"Bambo, dzukani! Mukundilaula!" anatero Eluby, akubwerera m'mbuyo.

"Sindidzuka mpaka mumenye icho," anatero a Chapola. "Pepala lija likuti mundiphunzitse, mayi. Ulemu ndaulandira, ndipo ndathokoza. Koma mwana wanga sadya ulemu."

Eluby analandira nyundo. Anagogoda pangodya paja pang'ono, ngati munthu wogogoda pakhomo la odwala.

"Za amisiri anu simumenya choncho. Ndimakuonani," anatero a Chapola.

Mayiyo anayang'ana anthu, anayang'ana imvi zija, ndipo anakweza nyundo. Anamenya kamodzi. Zitsulo zinalekana ngati chinangwa chouma, china chinagubuduzika mpaka kumsewu.

Palibe amene anaseka. Eluby misozi inali ikutsika, chifukwa m'moyo wake anali asanachititsepo manyazi munthu wamkulu. Anatola chidutswa chija n'kukhala pansi pafupi nawo. Nthawi imeneyi sanayang'ane nsapato zawo.

"Taonani apa, bambo. Mwangopaka pamwamba, moto sunalowe m'kati. Dzanja mumalithamangitsa ngati muli pa makina osokera. Chitsulo chimafuna muchidikire chisungunuke, kenako musunthe. Zonse zimene mwapanga chibwerereni n'zotere. Palibe ngakhale chimodzi chimene chikanakhala pa nyumba ya munthu."

Anali mawu olemera kuwamva pagulu. A Chapola anawameza onse.

"Zikomo, aphunzitsi," anatero. Ndipo anadzuka.

Masabata otsalawo anali owawa. M'mawa uliwonse nyundo inkalira, ndipo m'mawa uliwonse china chinkaguluka. Manja amene ankadziwa sizasi yokha anatuluka matuza, malaya anabooka ndi moto wothetheka, msana unadandaula. Eluby dzina loti bambo sanalisiye, koma tsopano linkabwera ndi katundu. Odutsa ankamva, "Bambo, ichi n'chonyansa, bwerezani," ndipo ena ankapukusa mitu kuti ana a masiku ano alibe mwambo. Sankadziwa kuti mkuluyo anachita kugwada kuti mawu amenewo atuluke. Sabata yachitatu, ngodya ina inapirira kumenya koyamba. Sabata yachisanu, Eluby anadya chakudya chake masana, chifukwa kuseri kwa shedi kunalibe choti akonze.

Woyesa anabwera pa tsiku lake, munthu wosadziwa za imvi za wina. Anawapatsa zitsulo, anawayang'ana akulumikiza, ndipo anamenya katatu ndi mphamvu zake zonse. Chitsulo chinapindika, koma polumikiza sipanaguluke. Eluby anawalemba ntchito monga lamulo linanenera, ndipo mwana wawo wotsiriza uja anamaliza sukulu.

A Chapola akamasimba nkhaniyi amathokoza bungwe lija, ndipo amathokoza ndi mtima wonse, chifukwa popanda theka lija palibe mmisiri akanatsegulira khomo munthu wa zaka zawo. Koma akafika potchula Eluby, amavula chipewa.

Tsono inu amene mwasonkhana pano lero, ena mwabwera kudzalandira ophunzira, ena mwabwera kudzaperekedwa. Ine ndikuthokoza amene analemba malamulo aja, ouma ngati mmene alili. Ndikuthokoza makamaka lija loti kudzabwera woyesa, chifukwa ndi lokhalo limene silichita manyazi ndi munthu. Likanapanda kukhalapo, a Chapola akanakhala pampando mpaka mwezi womaliza, aliyense akumwetulira, n'kutuluka m'manja muli mbee.

Inu akuluakulu anzanga, amene munali akapitawo kumene mwachokera, musadikire kuti mwana akudzudzuleni yekha. Sangathe, ndife tinamulera choncho. Mutsegulireni pakamwa ndinu, ndipo akalankhula muthokoze. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale atakhala msinkhu wa mwana wako.

Ndipo inu amisiri achinyamata, ulemu musautaye, ndi wabwino. Njutani ndithu, tiyi thirani. Koma mukaona polakwika, nenani tsiku lomwelo. Miyezi ndi isanu ndi umodzi yokha. Bambo amene mukuopa kuwakhumudwitsa lero, mwezi wachisanu ndi chiwiri adzadya chiyani?