Chibwibwi cha mwana wa muulutsi

M'nyumba ya muulutsi wa pawailesi mawu ankayenera kutuluka owongoka ngati mzere wa pa thalauzi yosita. Bamboyo anali ndi liwu losalala, loti akayamba kuwerenga nkhani ngakhale ometa tsitsi ankaimitsa makina awo. Koma mwana wake wachisamba, mtsikana wa kupulayimale, anali wachibwibwi.

Patebulo, akati apemphe mchere, chibwano chinkayamba kunjenjemera.

"Ba-ba-ba..."

"Ba chiyani? Wasanduka nkhosa? Meza malovu, uyambirenso!"

"Bambo ake, mwanatu sachitira dala," ankatero mkazi wake.

"Ndi ulesi wa lilime umenewu. Kwathu kulibe zimenezi. Mwina n'zakwanu."

Iye mwini sankamvetsa chomwe chinkamuyabwa. Kuntchito bwana akamunyoza ankangoseka, koma mwana akangokakamira pa liwu limodzi, magazi ankamuthamangira kumutu. Alendo akabwera ankamutuma mwanayo kukhitchini. Posakhalitsa mtsikana uja anasiya kupempha. Ankangoloza ndi chala.

Tsiku la makolo kusukulu, muulutsi anaitanidwa kukhala mlendo wolemekezeka. Anakhala kutsogolo, tayi ali pakhosi, maikolofoni ili patebulo pake. Sankadziwa kuti aphunzitsi anali atapatsa mwana wake ndakatulo yoti alakatule.

Mtsikanayo anakwera pansanja, manja kumbuyo. Liwu loyamba linamukanirira pakhosi. Anayesanso, maso atatsinzina. Kumbuyo kwa holo wina anatulutsa kaphwete.

Muulutsi anaweramira kwa mphunzitsi wamkulu. "Mutsitseni ameneyo, akutichititsa manyazi."

Ankayesa akunong'ona, koma maikolofoni inali yoyatsa. Mwana anayang'ana bambo ake kamodzi, n'kutsika yekha masitepe, osalira.

Pofuna kukwirira nkhaniyo, mphunzitsi wamkulu anaitana mlendo wolemekezeka kuti alankhule. Muulutsi anaimirira, nakonza jekete. Ankafuna kunena kuti "Makolo anzanga."

"Ma-ma-ma..."

Chibwano chinauma gwa. Anameza malovu, nayambiranso. "Ma-ma..." Thukuta linatsikira m'kolala. Munthu amene ankadyera pakamwa pake anaima ngati chitsa, maso a anthu onse ali pa iye. Panalibe anaseka, ndipo chete ameneyo anamuwawa kuposa phwete. Anakhala pansi osamaliza liwu.

Madzulo ake achemwali ake aakulu, amene analinso m'holomo, anamupeza atakhala pakhonde, nsapato asanavule.

"Sindikudziwa chandigwira," iye anatero. "Chibadwire sizinandichitikirepo."

Mayiwo anati, "Achimwene, mukunena zoona? Mwaiwaladi?"

"Ndaiwala chiyani?"

"Mpando wa pabalaza uja. Malemu bambo ankakuimikani pamenepo, lamba ali m'manja, kuti mutchule dzina lanu mosadodoma. Mukalephera ankati, ‘Wasanduka nkhosa?’ Ine ndinkabisala kuseri kwa chitseko n'kumalira. Munasiya kulankhula mpaka anthu ankati ndinu bubu."

Muulutsi anafuna kutsutsa, koma fungo la polishi wa pampando uja linamubwerera m'mphuno. Odziwa za maganizo a munthu amati chimene chatipweteka kwambiri tili ana, mtima umachikankhira m'chipinda chamdima n'kutaya kiyi. Chinthucho sichifa ayi. Chimakhala momwemo, ndipo tikachiona pa munthu wina timachida ndi ukali wosadziwika kochokera. Amatinso liwu la kholo limasamukira m'mutu mwa mwana n'kukhala woweruza wake. Zaka zonsezi bamboyo ankakalipira kamnyamata ka pampando paja, koma zikwapu zake zinkagwera mwana wake.

Mkazi wake anatuluka kudzatenga zovala pachingwe. Sanamuyang'ane n'komwe. Anangoti, "Ali kuchipinda kwake. Ngati muli ndi mawu, musawawerenge ngati nkhani za pawailesi."

Anagogoda. Mtsikanayo anali pabedi, yunifolomu ikadali m'thupi. Bamboyo anakhala pansi penipeni, pafupi ndi chitseko, maso ali pasimenti.

"Mwana wanga, ndi-ndi-ndi..."

Linakananso. Manyazi anamukuta mpaka kumakutu. Mwana uja sanamuthandize kumaliza, sanamufulumizitsenso. Anadikira. Kenako anati, "Pu-pumani kaye, ababa. A-amabwera okha."

Anapuma, ndipo mawu anabweradi. "Ndikhululukire."

Mtsikanayo sanayankhe tsiku limenelo, ndipo panatenga nthawi kuti ayambenso kupempha mchere ndi pakamwa. Koma akayamba kudodoma, bambo ake ankaika supuni pansi n'kudikira, mutu uli chowerama. Anali ataphunzira mochedwa, pamaso pa khamu, zimene akulu akale ananena: anyani sasekana zikundu.