Mayi Amene Ankaseka Atagwira Pakamwa

Panali mayi wina amene tulo tinkamuthawa chifukwa cha mng'ono wake. Mng'onoyo, dzina lake Mwatitha, ankakonzekera mayeso opezera chilolezo chogwira ntchito yotsuka ndi kusamalira mano a anthu. Za m'mabuku ankazidziwa. Koma akagwira kachitsulo kopalira mano, dzanja linkanjenjemera. Aphunzitsi anamuuza kuti azibwera ndi munthu woti aziyesererapo kuchipatala cha pasukulupo, apo ayi mayeso a manja adzamugwetsa.

Oyandikana nawo nyumba anakana onse. "Uphunzirire pa ife? Ungatizule dzino labwinobwino!"

Mayi uja sukulu analekezera Sitandade 6. Ankaona kuti chimene angathe n'kuphikira mng'ono wake tiyi basi. Mano ake anali achikasu, ndipo chiberekereni mwana, nkhama zinkatuluka magazi. Ankaseka atagwira pakamwa.

Tsiku lina anati, "Bwanji osawapempha alamu ako? Mano awo ndi oyera ngati mpunga."

"Oyerawo ndikapalapo chiyani, achemwali? Ndikufuna m'kamwa moti nditulukire thukuta." Mwatitha anaseka, kenako anagwetsa maso pansi.

Mayiyo anaona zimenezo. Anazindikira kuti mng'ono wakeyu wakhala akudziwa kumene kuli thandizo, koma ulemu ukumutseka pakamwa.

M'mawa mwake anabereka mwana kumbuyo, n'kutsagana ndi mng'ono wake mpaka kuchipatala kuja. Anakhala pampando, anachotsa dzanja pakamwa, nayasama pamaso pa aphunzitsi.

"Iii, achemwali, munotu muli ntchito ya mwezi wathunthu!" anatero Mwatitha.

"Wabwera kudzaonerera kapena kudzatsuka? Yamba, mwana asanadzuke."

Dzanja la Mwatitha linanjenjemera tsiku limenelo. Linanjenjemeranso ulendo wotsatira. Pofika mayeso linali litakhazikika, ndipo Mwatitha chilolezo anachipeza. Usiku umenewo mayi uja anagona mpaka dzuwa kumuwomba kumaso.

Amayi anzanga, ambirife timati tilibe chopatsa ophunzira a m'nyumba mwathu popeza sukulu inatitsalira. Taonani kaye chimene mwaphimbacho. Mwina alipo amene akuchisowa, koma akuopa kukuchititsani manyazi. Musadikire kuti apemphe.