Kanema wa Pamaliro ku Chapananga

Luisa ankapuntha mapira pakhomo pake ku Chapananga ngati akupuntha munthu. Mwamuna wake, Amosi, anali kundende atagamulidwa zaka zisanu pa mlandu woba ng'ombe yomwe sanaione n'komwe. Wapolisi Geresomo ndiye analumbira m'khoti, Baibulo lili m'manja, kuti anamugwira Loweruka masana akukusa ng'ombeyo kulowera kumalire. Bodza lamkunkhuniza! Mudzi wonse unkadziwa kuti tchimo la Amosi linali kumukaniza bwanayo tonde waulere.

Loweruka limenelo Amosi anali kumanda, kuika azakhali ake. Koma mboni za kumudzi amazimvera ndani pamaso pa yunifolomu?

Thandizo linachokera ku Joni. Mng'ono wa Amosi, Paison, yemwe ankakhala kumeneko, atalephera kubwera kumaliro, achibale anamujambulira mwambo wonse pafoni. Atamva za chigamulo, anatumiza kanemayo kwa mlamu wake.

Luisa anayamba wapita kwa Geresomo, nagwada. "Bwana, kanema ndi uyu. Kakonzeni mawu anu, bambo a ana atuluke. Zina sindifuna."

Geresomo sanaiyang'ane n'komwe foniyo. "Choka apa, iwe! Kafoni kangatsutse boma? Ukalimbikira ukamupeza mwamuna wako konko."

Luisa anadzuka mtima ukuwira. Anagulitsa mbuzi, napeza loya, nachita apilo kukhoti lalikulu ku Blantyre. Ataitanidwa, Geresomo anabwereza bodza lake osaphethira.

Kenaka loya uja anaonetsa kanema. Abusa anamveka akutchula tsiku. Amosi anaoneka ali m'dzenje, akulandira bokosi, dothi mpaka m'mutu. Ndiye woyendetsa mwambo, monga achitira kwathu kuno polemekeza akuluakulu, anati, "Tithokoze a Geresomo apolisi, omwe akhala nafe chiyambire m'mawa." Foni inatembenuka. Ndi uyo pampando wakutsogolo, amuna anzake atakhala pansi, iye akukweza dzanja kuti aliyense amuone!

"A Geresomo, awa ndinu?" anafunsa woweruza.

Munthu wopanda manyazi, anakhala pamaliro a eni ake, n'kukamangitsa woferedwa yemweyo!

Amosi anamasulidwa tsiku lomwelo, ndipo unyolo unagwera Geresomo chifukwa cholumbira monama. Luisa sanaimbe nthungululu. Anaima pakhomo la khoti, namuyang'ana Geresomo m'maso. "Ndinakugwadirani, bwana. Mukadangoiyang'ana foni ija."

Geresomo anawerama, apolisi anzake akumukankhira m'galimoto. Akuluakulu sananame: ukatambatamba uziyang'ana kum'mawa, kungakuchere.