Njerwa ya Royce ndi Mkwatibwi wa a Delbert

M'sitolo ya zakudya za ziweto ya banja la Hoelscher, kumapiri a ku Texas, khofi ankawira m'mawa uliwonse chitseko chisanatsegulidwe, ndipo mijedo inkayamba khofiyo asanazizire. Alimi a ng'ombe ankabwera ati kudzagula mchere ndi madeya, koma chenicheni chinali kudzanyozana mfuti. Tauni yonse inali yogawika pawiri. Ena anali a Dunmore, mfuti za m'chiuno zachitsulo chokhachokha, zolemera ndi zokongola, zomwe agogo awo ankayenda nazo. Ena anali a Krainer, timfuti takuda tochokera kutsidya kwa nyanja, theka pulasitiki, tamakona ngati anachita kutidula ndi chikwanje. A Dunmore ankati Krainer ukaiiwala patebulo, mkazi wako aikamo ndiwo zotsala n'kuiponya m'firiji. A Krainer ankabwezera kuti Dunmore ndi galimoto ya ukwati, yokoma pachithunzi, koma pambuyo pake pasasowe anthu okankha.

Lorene Hoelscher ankamva zonsezi ali pakauntala. Mwamuna wake, Royce, anali atamwalira chaka chapitacho, n'kumusiyira theka la sitoloyo, galu wogontha, ndi mfuti ya Krainer imene aliyense ankaitcha Njerwa. Dzinalo sanainamizire. Inali yonyansa ndithu. Utoto unasupuka kalekale, pachogwirira Royce anakulungapo tepi yakuda, ndipo ngodya ina galu uja anaitafunapo ali kamwana. Koma Royce ankaimasula n'kuipaka mafuta Lamlungu lililonse akabwera kutchalitchi, ndipo Lorene anapitiriza mwambowo patebulo lomwelo, pansanza yomweyo. Fungo la mafutawo linkamubweretsera mwamuna wake m'nyumba kwa kanthawi.

Theka lina la sitolo linali la alamu ake, a Delbert, mkulu wake wa Royce, amenenso anali wapampando wa kalabu ya owombera. A Delbert ankamukonda mng'ono wawo, ndipo pamaliro analira mpaka mawu kutha. Koma zoti Royce anasiya Dunmore, mfuti ya bambo awo, n'kukagula Njerwa, ankazitenga ngati mwana wa abusa wakalowa mpingo wina. Royce ali moyo, a Delbert ankangokukuta mano. Atapita, a Delbert anaona kuti mpata wokonza zinthu wapezeka.

Chaka chilichonse mu Okutobala kalabu inkachita phwando limene Royce yemweyo analiyambitsa. Ankawotcha chidale cha ng'ombe pautsi, aliyense n'kubwera atamanga m'chiuno mfuti yake yapaphwando, ija yongoonetsera anthu. Akakhuta ankapikisana awiriawiri kugwetsa mabotolo amtengo a masewero a bolingi, aliyense tebulo lake, wotsiriza kusesa tebulo n'kutuluka. Pomaliza ankayala mfuti zonse pansalu n'kuzijambula, chithunzicho n'kukhala pakhoma la sitolo mpaka chaka chinzake. Tsono m'mawa wina a Delbert anagogoda kapu ndi supuni n'kulengeza kuti chaka chino phwando likhala la mfuti zachitsulo zokha. Zapulasitiki zitsale m'magalimoto.

Lorene anamva ngati amuthira madzi ozizira. Njerwa inali isanajombepo paphwandolo, ndipo ichi chinali chaka choyamba choti aiwombere yekha m'malo mwa mwini wake.

"Alamu, sikuti ndikulimbana ndi inu ayi," anatero a Delbert ataona nkhope yake. "Koma chithunzi chija chimakhala pakhoma chaka chathunthu. Muno mumalowa ana. Mukufuna azilota zoopsa?"

"Anawo nkhope yanuyo amaiona tsiku ndi tsiku, alamu, koma akugona bwinobwino," anayankha Lorene.

Sitolo yonse inafa nacho chikhakhali, a Dunmore ndi a Krainer omwe. A Delbert anafiira makutu. Ndiye poti munthu wosekedwa amafulumira pakamwa, ananena okha kuti nkhaniyi ikathere pamatebulo. Tsiku la phwando, nyama isanagawidwe, iwo ndi Lorene akaime limodzi. Lorene akasesa tebulo lake poyamba, lamulo lifa ndipo Njerwa ikagona pakati pa chithunzi. Akalephera, Njerwa isadzapondenso paphwando la kalabu. Lorene anavomera pakamwa pali gwa. Koma ankadziwa bwino kuti a Delbert ndi katswiri, dzanja lawo silinjenjemera, pomwe iye anayamba kuwombera atakula kale ndipo maso anali atayamba kufuna magalasi.

Akanakhala munthu wina, akanangotenga Dunmore yawo yakale, yozolowera ntchito, n'kukamaliza nkhani. Koma a Delbert sankafuna kungopambana. Ankafuna kupambana mochititsa kaso, kuti a Krainer akaone okha kusiyana kwa mfuti ndi chidebe. Anatumiza mfutiyo kumzinda, kwa amisiri ozokota, ndipo itabwerako anthu anagwira pakamwa. Anali ataikuta yonse ndi chitsulo chowala ngati galasi, atazokotapo maluwa ndi masamba kuyambira kumphuno mpaka kumchira, chogwirira chili cha nyanga ya mbawala. Anaisokeranso chimake cha chikopa choyera. Tsiku lomwelo inalandira dzina lakuti Mkwatibwi, ndipo ngakhale Lorene anavomereza mumtima kuti chinthucho n'chokongola.

A Ignacio Treviño, mmisiri wokonza mfuti amene ankaimbiranso mipikisano ya kalabu, anapempha kuti aione. Atatsimikiza kuti mulibe chipolopolo, anakoka chitsulo chapamwamba chija chimene chimabwerera m'mbuyo mfuti ikalira. Chinayenda mokakamira, chikulira ngati chitseko cha khola. Anawatsina khutu a Delbert kuti chokutira chatsopanocho chanenepetsa zitsulo, ndiye mfutiyo ikufunika mafuta ambiri ndi kuiwombera kangapo konse kuti zitsulo zizolowerane. A Delbert anatemetsa nkhwangwa pamwala. Anati wonga umadetsa maluwa, ndipo mafuta angathimbiritse chikopa choyera. Anatenga kansalu n'kupukuta ngakhale timafuta tochepa timene amisiri a kumzinda anasiyamo.

"Achimwene, mfuti yosayesa ndi mlendo," anatero a Treviño. "Simudziwa kuti adya chiyani, akana chiyani."

"Mkwatibwi savina tsiku la ukwati lisanakwane," anayankha a Delbert. "Iyi ndi Dunmore, bambo. Siifunika kuphunzitsidwa ntchito."

A Treviño anangokweza mapewa n'kubwerera ku khofi wawo. Masabata otsatirawo a Delbert ankayeserera ndi mfuti ina yobwereka, Mkwatibwi ali gone m'bokosi la veleveti, akumutulutsa pokhapokha pakabwera munthu woti amusirire. Lorene naye akatseka sitolo ankapita kuseri kwa khola lake, n'kuimika zitini pathabwa. Masiku ena ankagwetsa, masiku ena zitini zinkangomuyang'ana. Njerwa yokha ndiyo sinkasintha. Akaikhethemula inkalira, kaya kuli fumbi kaya kwagwa mvula. Tsiku lina ataphonya motsatizana anakhala pansi n'kulira, chifukwa ankaona kuti akataya mpikisanowo akhala ngati wamuikanso Royce m'manda kachiwiri.

Tsiku la phwando linafika kuli dzuwa labwino ndi kamphepo kouluza fumbi. Utsi wa nyama unali tolotolo pansi pa mitengo, magalimoto atandanda mpaka kumsewu. A Delbert anatulukira atavala malaya oyera ositidwa bwino ndi chipewa chatsopano, Mkwatibwi akung'anima m'chiuno moti anthu ankaphimba maso. A Dunmore anawazungulira ngati abwera ndi mwana wakhanda. Wina anakuwira Lorene kuti ngati Njerwa yatopa, kukhitchini kukusowa chotsekera mphika wa nyemba. Lorene anangomwetulira.

A Treviño anaimika mabotolo asanu patebulo lililonse, anauza onse kuti atseke makutu ndi kuvala magalasi, kenaka anaimiritsa awiriwo pamzere. Wezulo italira, a Delbert anakweza mkono mwaulemu wake wonse, Mkwatibwi n'kulira kamodzi, botolo loyamba n'kuuluka patebulo ngati lamenyedwa ndi ng'ombe. A Dunmore anayamba kuimba miluzu. Lorene chipolopolo chake choyamba chinakafukula dothi kumbuyo. Chachiwiri chinangokhudza botolo m'mbali, ilo n'kugona patebulo pomwepo, komwe ndi kuipa kwenikweni, chifukwa botolo logona limavuta kulichotsa kuposa loima.

Apo mpamene anazindikira kuti kumanzere kwake kwakhala chete. Sanacheuke, koma anthu onse anaona. Mkwatibwi anali ataluma khoko la chipolopolo choyamba chija, likutuluka pambali ngati ndudu pakamwa pa chidakwa, chitsulo chapamwamba chitaima panjira. A Delbert anachimenya ndi chikhatho, anachikoka, chinakana. Anachikokanso ndi mphamvu zonse mpaka chipewa chinagwa. Khoko linatuluka, anawombera kachiwiri, botolo lina linagwa, ndipo mfuti inaumanso pomwepo, ulendo uno itameza fumbi la Okutobala pazitsulo zouma.

Lorene anapuma mozama n'kukumbukira mawu amene Royce ankakonda kumuuza kuseri kwa khola, akuti usathamangire mnzako, thamangira botolo lako. Anakhethemula, botolo linagwa. Anakhethemulanso, lina linatsatira. Njerwa inkalira mawu ake osakoma aja, phu, phu, osapumira, ikulavula makoko mbali imodzi. Mabotolo oima atatha anatsitsa mphuno ya mfuti n'kuyamba kulondola logona lija. Linagubuduka, linaima m'mphepete ngati likuganiza, ndipo chipolopolo china chitalipeza linagwera pansi. Tebulo linatsala mbee.

Phokoso limene linabuka linathawitsa agalu pansi pa magalimoto. Zipewa zinali m'mwamba, a Krainer akukumbatirana, ngakhale a Dunmore ena akuwomba m'manja mobisa. Lorene anachotsa zipolopolo zotsala, anaonetsa a Treviño kuti mfuti ili yopanda kanthu, kenaka anaseka mokweza, misozi ikuyenderera, kuseka kumene anali asanasekepo chimwalirire mwamuna wake. Anali wokondwa, ndipo sanafune kubisa.

A Delbert anali chiimire, thukuta lili kamukamu, malaya oyera aja atada ndi wonga, chala chikutuluka magazi pomwe maluwa ozokota anawacheka. Patebulo pawo mabotolo atatu anali njo, osagwedezeka. Mwambo wa kalabu unali wakuti munthu sachoka pamzere tebulo lake lili ndi mabotolo, ndiye panalibe kothawira. Lorene anawayang'ana kanthawi, mkwiyo wa masabata onse aja n'kusungunuka, chifukwa ataweramitsa mutu choncho ankafanana kwambiri ndi Royce. Anayala Njerwa pathabwa patsogolo pawo, zipolopolo pambali.

"Malizani ndi iyi, alamu. Nyama ikuzizira."

"Mukufuna anthu andijambule nditagwira chimenechi?"

"Akujambulani kale mutagwira icho. Palibenso choti mutaye."

A Delbert anapereka Mkwatibwi kwa a Treviño osawayang'ana m'maso. Ananyamula Njerwa ndi zala ziwiri ngati thewera, kenaka dzanja lawo linakhala pa tepi yakuda ija, pamene panali pataperepeseka kale ndi dzanja la mng'ono wawo. Atakweza mkono, mabotolo atatu aja anagwa motsatizana, lililonse chipolopolo chake, chifukwa ukatswiri anali nawo ndithu. Anatsitsa mfuti, anaikhuthula, n'kupukuta m'maso ndi mkono wa malaya, ati fumbi.

"Kunyansa ndiye ikunyansabe," anatero mawu ali pansi. "Koma mwana uja ankadziwa chimene ankachita."

Madzulo a tsikulo anayala mfuti zonse pansalu, zachitsulo ndi zapulasitiki, Njerwa ili pakati penipeni ndi tepi yake ndi mano a galu. Mkwatibwi anamugoneka pambali pake, ndipo kunena zoona m'chithunzimo anatuluka bwino kuposa onse. Chithunzicho chilipobe pamwamba pa kauntala ya Lorene. Mijedo ya m'mawa siinathe, a Dunmore ndi a Krainer akunyozanabe mpaka lero, koma mlendo akaloza mfuti yonyezimirayo n'kufunsa kuti ndi ya ndani, a Delbert amadzuka n'kupita kukawerenga matumba a madeya kuseri. Lorene ndiye amathira khofi, n'kumuuza mlendoyo kuti ayang'ane bwino yapakatiyo, chifukwa akuluakulu sananame pamene anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.