Mpanda Wopanda Khomo

Panali munthu wina amene ankakhala m'mbali mwa msewu wafumbi, iye ndi mkazi wake ndi kamwana kawo ka miyezi isanu, dzina lake Sigele. Munthuyu anali wolimbikira ntchito ndi wokonda banja lake, koma anali ndi vuto limodzi. Mtima wake sunkakhazikika pa chinthu chimene sanachigwire ndi manja. Akatseka chitseko, ankabwerera kukachikankha. Akadzala chimanga, tsiku lachitatu ankafukula phando kuti aone ngati mbewu yayamba kumera. Mwana akagona masana, ankamuika chala pamphuno kuti amve ngati akupuma, mpaka mwanayo kudzuka ndi kulira.

Pabwalo pa nyumba yawo panali mtengo wa mango umene anadzala mayi ake a munthuyo. Mango ake anali aakulu, opanda ulusi, otsekemera mpaka panjere. Anthu ambiri anayesa kudzala njere zake kwawo, koma mitengo imene inamera inkabereka timango ting'onoting'ono towawasa. Choncho mtengo wa mango otero unali umodzi wokha m'dera lonselo.

Mayi aja anamwalira Sigele asanabadwe. Munthuyo ankalakalaka chinthu chimodzi: mwana amene sanaone nkhope ya agogo ake adzalaweko mango a mtengo wawo.

Tsiku lina kunabwera anthu okuza msewu. Anayeza ndi zingwe zawo, napaka utoto wofiira pa tsinde la mtengo uja. Anati mtengowo uli mumsewu, ndipo audula Lachisanu.

Munthuyo anathamangira kwa mayi Nachisale, amene anali ndi nazale ya mbande pafupi ndi msika. Mayiwa ankadziwa kumezanitsa mitengo, ndiko kutenga kanthambi ka mtengo wabwino ndi kukalumikiza pa tsinde la mtengo wina kuti ziwirizo zikhale mtengo umodzi. Anali mayi olankhula mosapsatira, ndipo ankaseka mokweza.

Anabwera pa njinga m'mawa mwake, ali ndi mpeni wakuthwa ndi timapulasitiki todula motalika. Kuseri kwa nyumba kunali mbande zitatu za mango wamba zimene munthuyo anazula padzala la zinyalala n'kuziwokera kumeneko. Mayi Nachisale anadula tinthambi titatu pa mtengo waukulu uja. Kenako anagwada pa mbande yoyamba, naidula mutu wonse.

"Mayi, mwaipha!" anakuwa munthuyo.

"Ndaipha? Ndiye itanani akwaya tiyambe nyimbo za maliro," anatero mayiwo, osacheuka n'komwe.

Anang'amba tsinde lodulidwalo pakati. Anasongola kanthambi kaja mbali ziwiri, nakalowetsa mumng'alumo. Anakulunga pabalapo ndi pulasitiki, namanga mfundo yolimba, navindikira pamwamba ndi kathumba. Anachita chimodzimodzi pa mbande zina ziwiri zija. Atamaliza anapukuta mpeni pa chitenje.

"Bambo a Sigele, tamverani. Pansi muzithirira tsiku lililonse. Pamwamba musakhudze. Pakatha masabata anayi, Lachiwiri, ndidzabwera kudzamasula ndekha."

"Nanga ndidzadziwa bwanji kuti zagwira?"

"Simudzadziwa. N'chifukwa chake ndakupatsani tsiku."

Lachisanu mtengo waukulu unagwa. Pofika madzulo anthu anali atagawana nthambi zake za nkhuni, ndipo pabwalo panangotsala chitsa ndi masamba ofota. Moyo wonse wa mtengo uja tsopano unali m'tinthambi titatu totalika ngati chala.

Munthuyo anathirira masiku anayi. M'kati mwa timatumba munachita nthunzi, moti sankaona chilichonse. Tsiku lachisanu mtima unamukulira. Anati m'mtima mwake, ndingoyang'ana pang'ono, sindiononga kanthu. Anachotsa kathumba koyamba, namasula mfundo, nagwedeza kanthambi kuti amve ngati kalimba. Kanthambi kanatsalira m'manja mwake.

Anachita mantha. Anaganiza kuti mwina mayi Nachisale sanamange bwino pa mbande imeneyo, ndipo kuti atsimikize anamasulanso yachiwiri. Nako kanagwedezeka. Anabwezera tonse tiwiri m'malo mwake, namanga mmene anadziwira. Pasanathe masiku atatu tinthambi tiwirito tinada ndi kuuma.

Mkazi wake anamupeza ataima kuseriko, manja ali kumutu.

"Bambo a Sigele, mwachitanso zanu zija?"

Munthuyo anatsitsa manja. Anatenga tinthambi touma tija n'kupita kunazale. Mayi Nachisale anatitembenuza m'manja, namuonetsa kamzere koyera m'mbali mwa posongola paja.

"Mwakaona aka? Zinali zitayamba kugwira."

Mawu amenewo anamupweteka kuposa kutukwanidwa. Anapempha kuti amezanitsenso zina.

"Tikadule kuti? Mtengo uja uli pamoto m'makhitchini mwa anthu."

"Ndiye tiyeni mukaone yotsalayo, mundiuze ngati ili moyo."

"Ngakhale ine nditamasula lero, ifa chimodzimodzi," anatero mayiwo. "Tandiuzani, pomanga paja munalipo?"

"Ndinalipo."

"Ndinamanga mothamanga, kapena mosasamala?"

"Ayi, mayi."

"Ndiye pa mfundo yanga mukufunapo chiyani? Pitani mukathirire. Ndinati Lachiwiri."

Munthuyo anabwerera kwawo atatsimikiza mtima kuti sakhudzanso. Anapirira masiku atatu. M'mawa wa tsiku lachinayi, akuthirira, anangozindikira kuti ndowa ili pansi ndipo zala zake zili pa mfundo. Anali atayamba kale kuikanda ndi chikhadabo. Anabweza dzanja ngati wagwira khala la moto.

Pamenepo anadzidziwa. Anaona kuti mantha ake sangathe lero kapena mawa, ndipo kuti akadikira kuti mtima ukhale pansi, kanthambi kadzakhala katafa kale. Anayenera kusankha chimodzi: kumvera mantha ake kapena kumvera mawu a amene anamanga.

Anatenga chikwanje n'kutsikira kudambo. Anadula mitolo iwiri ya bango ndi nsungwi imodzi yaitali. Anazika mitengo mozungulira mbande ija, patali poti dzanja silingafike, namanga mpanda wa bango wothinana, wotalika kufika pachifuwa. Nsungwi ija anaing'amba pakati, naipisa pa mpanda mopendekera kuti madzi aziyenda kuchokera kunja mpaka patsinde. Bango lomaliza analimanga ali kunja.

Mkazi wake anabwera ndi mwana kumsana, nauzungulira mpandawo.

"Khomo lili kuti?"

"Palibe."

"Inu, mbuzi za kuno zinayamba liti kutsegula zitseko?"

"Mbuzi yake ndine, mayi a Sigele."

Mkaziyo anaseka mpaka kukhala pansi. Nkhani inafika kumjigo tsiku lomwelo, ndipo mawa lake amuna anzake ankati akamuona panjira, amalira ngati mbuzi. Wina anamubweretsera masamba a mbatata, nati, "Achimwene, ndiwo zanu izi, musadye mtengo wa eni." Iye anaseka nawo. Anali atatenga nthawi asanaseke chotero.

Mantha sanachoke. M'mawa uliwonse ankathira madzi mu nsungwi, n'kumamva akugwera m'kati. Ankasuzumira pamwamba pa mpanda, koma ankangoona kathumba kodzaza nthunzi. Mtima ukati "kafa", iye ankayankha mokweza, "Anati Lachiwiri." Akatero ankanyamula khasu n'kupita kumunda.

Tsiku lina masana Sigele anagona pamphasa pakhonde. Bambo ake anayandikira, chala chili chotambasula monga mwa chizolowezi. Anaima. Anayang'ana kamimba kakukwera ndi kutsika, nabweza dzanja, nakhala pambali. Mwanayo anagona mpaka dzuwa kupendeka, ndipo anadzuka akumwetulira. Mkazi wake anaona zonsezi ali pamtondo, napitiriza kusinja.

Lachiwiri lija linafika. Munthuyo anakaima kumsewu kuyambira m'mawa, mwana ali m'manja. Magalimoto okonza msewu ankadutsa n'kumamuthira fumbi. Dzuwa litafika pamutu, njinga ya mayi Nachisale inaoneka. Mayiwo anatsika, napita kuseri kwa nyumba, naima. Anauzungulira mpanda kawiri.

"Bambo a Sigele, ndilowera pati? Kapena ndiuluke?"

Atawauza chifukwa chake, anaseka mpaka kugwira mpanda. "Zaka zonse ndamezanitsa mitengo, ndaona mipanda ya mbuzi ndi ya nkhuku. Mpanda wotchinga mwini wake ndauona lero."

Mayiwo anadula zingwe, nagwetsa mbali imodzi ya mpandawo. Aneba amene ankalira ngati mbuzi aja anabwera kudzaonerera. Mayi Nachisale anagwada, nachotsa kathumba pang'onopang'ono.

Pamwamba pa kanthambi panali timasamba tinayi tofiirira, tanthete, topindika chifukwa chosowa malo m'kathumba muja. Tinali titatuluka kalekale. Masiku onse amene munthuyo ankati "kafa", iko kanali kakukula.

Mayiwo anamasula mfundo, nafunyulula pulasitiki. Pabala paja panali patapola. Khungwa la pansi ndi la pamwamba zinali zitalumikizana, pangotsala chipsera. Anamugwira munthuyo dzanja, naika chala chake pachipserapo.

"Tsopano gwirani. Gwedezani ngati mukufuna."

Anagwedeza pang'ono. Mbande yonse inagwedezeka pamodzi, kuyambira kumasamba mpaka pansi. Unali mtengo umodzi.

Mkazi wake analiza nthungululu. Munthuyo anayamba kuvina ndi mwana m'manja, misozi ikutsika, pakamwa pali kuseka. Aneba anaomba m'manja, ndipo uja wa masamba a mbatata anakuwa kuti, "Mbuzi yaswa!" Anthu okonza msewu anaimitsa ntchito kudzafunsa ngati pali ukwati.

Chaka chachinayi mtengowo unabereka mango asanu ndi awiri. Loyamba kupsa anapatsa Sigele. Analidya ataima pansi pa mtengo, madzi akuyenderera mpaka m'zigongono, ndipo atamaliza anafunsa kuti, "Ababa, agogo asiya ena?"

Abale ndi alongo, makamaka inu makolo anzanga amene mwangoyamba kulera, kanthambi kaja ndi moyo wathu ndi wa ana athu. Patokha tilibe mizu, ndipo mtengo umene tinachokera unagwa. Yesu anavulazidwa monga tsinde lija linang'ambidwira, kuti atilandire m'kati mwake ndi kuti moyo wake uziyenda mwa ife. Amene anatimanga pa Iye ndi Mulungu, ndipo sanamange mothamanga kapena mosasamala.

Ambirife timaganiza kuti chikhulupiriro ndi kusowa mantha, ndiye tikachita mantha timati tilibe chikhulupiriro. Munthu uja anaopa mpaka Lachiwiri. Chimene chinapulumutsa mtengo n'chakuti anaika mawu a womanga pamwamba pa mantha ake, nachita zogwirizana ndi mawuwo.

Musandimve molakwa. Kuthirira ndi ntchito yathu. Tipemphere, timve mawu a Mulungu, ana tiwaphunzitse, akadwala tithamangire nawo kuchipatala. Koma pali mfundo zina zimene si zathu kumasula. Tikapemphera m'mawa n'kumasula pemphero lathu masana kuti tione ngati lagwira, tikafuna chizindikiro chatsopano tsiku lililonse tisanavomere kuti Mulungu amatikonda, tikuchita zimene munthu uja anachita pa mbande ziwiri zija.

Ngati manja anu ali ngati anga, osatha kukhala chete, musachite manyazi kumanga mpanda. Uzani mnzanu wa mumpingo kuti azikukumbutsani lonjezo la Ambuye mtima ukayamba kukanda mfundo. Anthu akaseka, sekani nawo. M'kathumba muli nthunzi ndipo simukuona kanthu, koma Womanga ananena kuti adzabwera, ndipo masamba sadikira kuti muwaone kaye. Thirirani pansi, ndipo mfundo muisiyire mwini wake.