Ng'oma ya a Kamtsitsi ndi Bondo la Yotamu

Usiku wa tsiku limene ng'oma ya a Kamtsitsi idang'ambika, mkazi wawo Nangozo sadaone tulo. Sikuti ankadandaula ng'omayo ayi. Chimene chidamugwira mtima ndi kaphokoso kochokera kuchipinda cha mwana wake Yotamu. Mnyamatayo ankati akatembenuka pamkeka ankakoka mpweya m'mano, kenaka nkukhala duu ngati munthu woopa kuti amumva. Bondo lake lakumanja lidali litatupa ngati papaya. Loweruka kudali mpira wotsiriza wa chikho cha masukulu, ndipo atate ake adali atanena kale kuti mwanayo asewera.

Kuti nkhani ya ng'oma ndi bondo imveke, tibwerere m'mbuyo pang'ono.

A Kamtsitsi adali mmisiri wosema ng'oma pa Nambuma. Anyamata a mganda, amayi a chimtali ndi makwaya a m'mipingo onse ankagula kwa iwo. Nangozo adakhala zaka zambiri akuonerera ntchitoyo ali pakhonde: kuboola thunthu, kuviika chikopa, kuchipala, kuchikunga ndi zikhomo, ndi kumata phula pakati. Ankadziwanso mawu amene mwamuna wake ankauza wogula aliyense. Ng'oma osaiwamba pamoto waukali. Osaisiya padzuwa. Nyimbo ikatha, ipumitseni, chikopa chibwerere m'malo. Tsiku lina a Kamtsitsi adafika pobweza munthu ndi ndalama zake chifukwa choti poyesa ng'oma adaimenya ngati akupuntha nyemba.

Yotamu adayamba mpira ngati ana ena onse, ndi chikulunga cha mapepala kuseri kwa chigayo. Ankabwera kunyumba ali mbuu ndi fumbi, akuseka, nkuyamba kufotokozera amayi ake zigoli zomwe wamwetsa ndi zomwe sadamwetse. Atalowa sekondale yoyendera ya komweko, a Chadzunda, aphunzitsi a zamasewera, adamuika kutsogolo. Pomafika Folomu 2, dzina lake lidali litamveka mpaka ku Kasiya.

Apa mpamene atate ake adadzuka. Iwonso paunyamata adali katswiri, ndipo timu ina ya m'tauni idawaitanapo kukayesedwa, koma bambo awo adawatumiza ku esiteti ya fodya. Nkhani imeneyi ankainena nthawi ndi nthawi, ndipo inkathera pamodzimodzi: iwo adasowa wowakankha, koma Yotamu sadzasowa.

Ndipo adamukankhadi. M'mawa uliwonse asanapite kusukulu, Yotamu ankathamanga kukazungulira kumanda nkubwerera, atate ake akumutsatira panjinga. Pakati pa sabata ankasewera timu ya sukulu. Loweruka ankasewera timu ya akuluakulu a pamsika yolimbirana mbuzi, ndipo Lamulungu masana ya achinyamata a kutchalitchi. Aliyense wobwera kudzabwereka mwanayo a Kamtsitsi sankamukaniza, chifukwa ankati dzina limakula ndi kuonekera. Pobwerera kunyumba mpira unkaseweredwanso ndi pakamwa. Zigoli zomwe wamwetsa atate ake sankazitchula. Ankatchula zomwe waphonya, njira yonse.

Kenaka adasema ng'oma ya mpira, yaikulu ngati mtondo, naipatsa dzina loti Mverani. Ng'omayi siinali yongochemerera. Idali ndi chinenero chake chimene mwanayo adaphunzitsidwa kunyumba. Kulira mofulumira kunkatanthauza thamanga. Kugunda kamodzi kolemera kunkatanthauza menya. Ndipo padali kaliridwe kena kokoka, kamene bwalo lonse lidafika pokadziwa, kotanthauza kuti wandichititsa manyazi. A Chadzunda akati patsirana ndi anzako, Mverani inkati menya, ndipo Yotamu ankamvera Mverani.

Tsiku lina akuthandiza amayi ake kusenda mtedza, mnyamatayo adayankhula osadzutsa mutu.

“Amayi, masiku ano mpira ukandipeza ndimayamba ndamvetsera ng'oma. Pomwe ndizimva, ndimakhala nditaiwala chomwe ndimafuna kuchita.”

Nangozo sadali wodziwa malamulo a mpira, koma maso adali nawo. Adaona kuti mwana wake potsika pakhonde amatsogoza mwendo wakumanzere. Adaona kuti wasiya kunjuta posamba m'manja, ndipo pokhala pansi amatambasula mwendo umodzi ngati nkhalamba. Atawauza abambo a mwanayo, yankho lidali lalifupi: mwamuna salira bondo, ndipo za mpira azisiyire eni ake. Adapitanso kwa a Chadzunda. Iwo adavomera kuti nawonso aona kutsimphinako, nalonjeza kumupumitsa. Koma a Kamtsitsi atamva adakaima pakhomo la ofesi ndi kunena kuti mwana akakhala pabenchi amusamutsira kusukulu ina. A Chadzunda nawo chikhocho ankachifuna, choncho adagonja msanga. Pamwamba pa zonsezi padamveka kuti pa mpira wotsiriza padzabwera bwana wina wa ku Lilongwe wosankha anyamata a timu yake.

Lachitatu kudali mpira wopezera malo mu ndime yotsirizayo. Asanachoke panyumba, a Kamtsitsi adadula mphira ya chubu cha njinga ndi kumanga bondo la mwana wawo mpaka mnofu kutuluka m'mbali.

Alendo adabwera pa lole, ndipo adatsika ndi ng'oma zitatu. A Kamtsitsi atangoziona nkhope idasintha. Adasonkha moto wa mapesi m'mbali mwa bwalo ndi kuwamba Mverani. Adaiyesa ndi chala, naibwezeranso pamoto. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa adawafunsa ngati akuwotcha ng'omayo kuti adye, anthu nkuseka, koma iwo sadamve. Nangozo, amene adaima kumbuyo kwa golo ndi amayi anzake, adaona kuti phula la pakati layamba kunyezimira. Adadziwa kuti ng'oma ya munthu wina mwamuna wake sakadaiyandikiza pamoto chotero.

Koma kulira idalira. Ng'oma zitatu za alendo zidamveka ngati zitini. Chigawo choyamba chonse Mverani siidapume, ndipo Yotamu naye sadapume. Pa nthawi yopumula anyamata adakhala pansi kumwa madzi, koma a Kamtsitsi adabwezeranso ng'oma pamoto ndi kuitana mwana wawo kuti amuuze zomwe walakwitsa.

Chigawo chachiwiri chili pakati, Yotamu adalandira mpira, nadutsa otchinga kumbuyo awiri, naumenya pakona. Bwalo lidasefukira. Ana adalowa mkati kugudubuzika, amayi nthungululu. Oyimbira atabweza anthu, mpira udayambanso, ndipo Mverani idati thamanga. Yotamu adathamangira mpira wautali kumbali. Palibe adamukhudza. Adangoti atembenuke, mwendo nkukana, nakhala pansi atagwira bondo ndi manja awiri.

Ng'oma idati dzuka. Mwanayo adayesa, nagwanso. Idayamba kaliridwe kokoka kaja, ka manyazi, ndipo a Kamtsitsi adaimenya ndi mphamvu zonse za m'mapewa. Pamenepo padamveka phwaa, ndipo chibonga chimene ankaimbira chidalowa mkati mwa ng'oma mpaka dzanja. Chikopa chidang'ambika kuchokera paphula mpaka m'zikhomo.

Bwalo lidakhala chete kanthawi, moti wezulo ya oyimbira idamveka bwinobwino koyamba tsiku limenelo. Anyamata awiri adanyamula Yotamu kutuluka naye. Anzake adatchinga chigoli chija mpaka mpira kutha.

Ochemerera a alendo podutsa adawaseka a Kamtsitsi, nati mmisiri wafa ndi ntchito yake. Iwo adayankha mosagonja.

“Sekani. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Zanu zakufazo zidzafika kwa adzukulu, chifukwa palibe amene amazifuna.”

Nangozo adawamva mawuwo ndipo adawasunga. Pobwerera, mwana ali pakaliyala ya njinga, mwamuna wake adati Loweruka adzamanga ndi mphira ziwiri. Bwana wa ku Lilongwe sabwera kawiri, ndipo mpira umodzi wokha sungaphe munthu.

Ndicho chifukwa chake usiku umenewo tulo tidamuthawa Nangozo. Ankamudziwa mwamuna wake. Kukalipa kukadangowaumitsa mtima. Kulira akadati ndi mantha a chizimayi. Kuitana amalume a mwanayo kukadatenga masiku, ndipo Loweruka silidikira. Adaganizanso kuti a Kamtsitsi si munthu wankhanza. Ndi munthu amene pa zinthu zonse za padziko amamva chinenero chimodzi chokha. Atafika pamenepo mtima udakhala pansi, nadikira kuti kuche.

M'mawa a Kamtsitsi potuluka adapeza mkazi wawo ali pakhonde, Mverani ili pakati pa miyendo, m'manja muli singano yosokera matumba ndi ulusi. Adali atabaya kale mabowo angapo m'mbali mwa chong'ambikacho.

“Amake Yotamu, mukuchita chiyani ndi ng'oma yanga?”

“Ndikusoka. Si Loweruka muimba?”

A Kamtsitsi adaseka pang'ono, nati zaka zonsezi akhala pakhonde lomweli osaphunzira kanthu. Ng'oma sasoka. Ukaisoka, kugunda koyamba imang'ambikira pamabowo a singano omwewo, ndipo imawononga ndi zikhomo zomwe.

“Ndiye tiimange ndi mphira,” adatero Nangozo. “Chubu chija chatsalako. Tiike ziwiri. Mpira umodzi wokha.”

“Mphira pa ng'oma? Mwadzuka bwino koma inu?”

Adamulanda singano ndi kuyamba kumufotokozera mofatsa ngati wogula. Chikopa chikatopa chatopa. Chofunika ndi china chatsopano. Apita kwa opha ng'ombe pamsika akasankhe chabwino, achiviike, achipale, achikunge, achisiye chiume pamthunzi nthawi yake. Za Loweruka aiwale. Ng'oma siikakamizidwa.

Nangozo adakulunga ulusi pachala, nati, “Chabwino, abambo a Yotamu. Mukafika kwa opha ng'ombeko mundifunsireko ngati amagulitsanso mawondo.”



Nthawi imeneyo Yotamu adali ataima pakhomo, atatsamira mpini wa khasu. Atate ake adamuyang'ana, nayang'ana ng'oma. Kenaka adagwada ndi kumasula mphira imene mwanayo adagona nayo poopa kuichotsa. Pamene padadutsa mphira padali mizere yakuda. Adadina chotupacho ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono, monga ankayesera chikopa, ndipo mwanayo adakoka mpweya m'mano.

“Lidayamba liti?”

“Tisanakumbe mtedza, ababa.”

“Osanena bwanji?”

Yotamu adayang'ana pansi. Amayi ake ndiwo adayankha kuti mwanayo ankanena tsiku lililonse potsika pakhonde lomweli, koma ng'oma inkalira kwambiri.

A Kamtsitsi adakhala pachitsa chosemerapo. Kenaka adati, ndi mawu otsika, nanga bwana wa ku Lilongwe uja. Mwayi ngati umenewu iwo udawadutsa kamodzi ndipo sudabwerenso.

“Ngati akufuna womwetsa zigoli, adzamupeza chaka chamawa ali ndi miyendo iwiri,” adatero Nangozo. “Ngati akufuna wa Loweruka lokha, asankhe mwana wa wina. Dzulo mudanena nokha pamaso pa anthu kuti yoliritsa sichedwa kung'ambika. Ine yanga ndi imodzi, ndipo ilibe chikopa china.”

Sadadikire yankho. Adapinda chitenje ndi kuchiyala pakaliyala, nakweza mwana wake, mwendo wodwalawo utatambasuka. Adauza mwana wa oyandikana nawo kuti akapita kusukulu akawauze a Chadzunda kuti Loweruka apeze wina. Kenaka adayamba kukankha njinga kulowera kuchipatala.

Adadutsa chigayo, nadutsa bwalo pomwe phulusa la mapesi lidali likadalipo. Pofika potsetsereka pa mlatho adamva mapazi kumbuyo. A Kamtsitsi adafika, osayang'ana munthu kumaso, nagwira chiwongolero.

“Mukumugwedeza m'maenjemu,” adatero. “Bweretsani kuno.”

Nangozo adawasiyira njinga, iye nkugwirira mwendo wa mwana kuti usagunde, ndipo adapita atatu.

Amayi amene adamva mawu aja kubwalo, ndi oyandikana nawo amene adamva za singano ndi ulusi, ndiwo adafalitsa nkhaniyi. Kuyambira pamenepo, kwathu kuno ukamva wina akuti “Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika,” ena amamwetulira nkukumbukira Mverani. Mwambiwu umanena kuti chinthu chabwino koposa ndicho chili pangozi koposa, chifukwa aliyense amafuna chomwecho ndipo palibe amafuna kuchipumitsa. Ng'oma yosalira imakalamba ili pakona. Yolira bwino ndiyo imabwezeredwa pamoto. N'chimodzimodzi mwana waluso, kaya ndi pa mpira, pa sukulu kapena pa ntchito za pakhomo. Amene amamuthyola kawirikawiri si adani, koma amene amamunyadira. Ndipo inu ana, mukamva kuti chikopa chayamba kutentha, nenani chisanang'ambike, ngakhale woimbayo akhale wokukondani.