Bwato Lowolotsa Nyerere

Padangokhalatu, ana inu. Ndati padangokhala! Eya, "tilitonse" ameneyo ndiye ndimamufuna, osati kungondiyang'ana kukamwa kuli yasa.

Kudali mtsinje waukulu, wosawolokeka ndi miyendo, ndipo nyama za m'mbali mwake zinkasunga mwambo wina. Chaka ndi chaka madzi osefukira akaphwa n'kusiya nthaka yakuda m'madimba, nyamazo zinkapita pachilumba cha pakati pa mtsinje kukathira nsembe yothokoza. Sizinkapita mwachisawawa ayi. Mabwato ankatsatana mumzere umodzi atavekedwa maluwa ndi masamba a kanjedza, nyimbo zili pakamwa, kumtunda nthungululu zokhazokha. Bwato lotsogolera ndilo linkanyamula ng'oma yaikulu pamodzi ndi woyimba wake, ndipo opalasa onse ankaponya nkhafi potsata kulira kwa ng'omayo.

Nanga mabwatowo ankasankhidwa bwanji? Apa ndiye mutchere khutu. Patsiku losankha, mwini bwato aliyense ankaika lichero patsogolo pa bwato lake padoko. Ndiye aliyense amene adawolotsedwapo ndi bwatolo chaka chimenecho ankabwera n'kuponyamo njere imodzi ya mapira. Lichero likakhala lopanda kanthu, bwato lake linkatsala kumtunda. Likadzaza kuposa ena onse, bwato lake ndilo lotsogolera. Mapirawo ndi omwe ankasinja kukhala ufa wa nsembe. Woyang'anira zonsezi adali mayi Mvuu, nkhalamba yosalankhulalankhula.

Tsono kudali Nyani. Iyeyu kwawo kudali kumapiri, ndipo kuyambira ali wamng'ono ankaonerera mabwatowo chapatali, mtima ukumupweteka ndi kusirira. Akatsikira kudoko, akubanja la Katumbu ankamuseka: "Wakumapiri uyo! Madzi amawadziwira m'chikho!" Mawu amenewo adamulasa, ndipo adakula nawo. Adalumbira kuti tsiku lina bwato lake lidzatsogolera, omuseka onsewo ali pambuyo pake.

Musamunamizire ulesi Nyani, ntchito adaigwira. Adagwetsa mbawa yaikulu n'kuyamba kusema, go! go! go! mpaka manja kutuluka matuza. Mvula idamupeza akusema, dzuwa lidamupeza akusema. Bwato lidatuluka lowongoka, losalala, ndipo atalipaka mafuta a nsatsi lidafiira psuu, kunyezimira ngati mphika watsopano. Ngakhale Katumbu, amene bwato lake lidali lakalekale, lakuda bii, m'kati matope okhaokha, adaima n'kugwira pakamwa.

"Koma achimwene, ili ndiye bwato!"

Nyani adangoti, "Mwaliona eti?" Mumtima mudali chikondwerero.

M'mawa mwake kudabwera Nguluwe, woyimba ng'oma yaikulu ija, akuchokera kudimba, matope mpaka m'makutu.

"A Nyani, tandiwolotsani ndikafike tsidya ilo."

Nyani adayang'ana matopewo, adayang'ananso bwato lake. "Lero ayi, achimwene. Bwato likupuma."

Nguluwe adakakwera la Katumbu. Kudabwera Nungu, minga ili nyangalala.

"A Nyani, tandiwolotsani, apongozi akudwala."

Nyani adayang'ana mingayo, adayang'ananso bwato lake. "Pepani kwambiri, koma lero ayi. Bwato likupuma."

Nungu adakakwera la Katumbu. Kudabwera Gwape atasenza mtolo wa mbatata, kudabwera Fisi ndi fungo lake lija, onse yankho limodzimodzi. Bwato lopuma lisadagwire ntchito, mudaliona kuti inu?

Koma Nyani sadali chitsiru. Ankadziwa kuti lichero lake lidzakhala mbee, ndipo nkhawa idayamba kumudya. Akanyamula nyama, bwato likandika, lida ngati la Katumbu. Akapanda kunyamula, litsala kumtunda. Tsiku lina atakhala padoko dzanja lili patsaya, adaona nyerere zitaunjikana m'mphepete mwa madzi, zikungozungulirazungulira.

"Inu a Nyerere, chavuta n'chiyani?"

Mkulu wa nyerere adayankha, "Tsidya ilo kwagwa nkhuyu zambiri, bambo, fungo likutipeza konkuno. Koma angatiwolotse ife ndani? A Katumbu akamakweza anthu satiwona n'komwe."

Maso a Nyani adawala. Nyerere ilibe matope, ilibe minga, koma njere ya mapira imanyamula bwinobwino. "Kwerani nonse!" adatero. "Ndipo mukaitane abale anu, ndi abale a abale anu!"

Kuyambira pamenepo padoko pankamveka nyimbo ya Nyani:

Nyerere, kwerani,
Tsidya ilo, kwerani,
Mapazi anu ndi oyera,
Kwerani, kwerani!

Kupita, kubwera. Kupita, kubwera. Nyerere zakuda, nyerere zofiira, za kuchulu ichi, za kuchulu icho. Bwato linkangoyandama pamwamba ngati tsamba louma, mimba yokha ndiyo inkakhudza madzi. Nthiti zake zinkangowombedwa ndi dzuwa tsiku ndi tsiku, mpaka timing'alu tating'ono ngati tsitsi tidayamba kuoneka. Nyani adatiwona, adapakapo mafuta n'kuiwala. Madzi sankafikako kumeneko, ndiye adandaulirenji?

Tsiku losankha lidafika, malichero adaikidwa. Nguluwe adaponya njere yake mwa Katumbu, Nungu mwa Katumbu, Gwape ndi Fisi chimodzimodzi. Ena adaponya mwa Ng'azi, ena mwa Chule. La Nyani lidali mbee, ndipo kuseka kudayamba. Kenaka pansi padada bii. Nyerere! Mzere wake wosaoneka kothera, iliyonse njere kukamwa. Lichero la Nyani lidadzaza, lidasefukira, mapira adaunjikana pansi.

"Chinyengo ichi!" adakuwa Nguluwe.

Mkulu wa nyerere adaima nji. "Chinyengo chake chiti, bambo? Kodi ife si a mumtsinje muno? Adatiwolotsadi, ndipo sadatinyozepo."

Onse adatembenukira kwa mayi Mvuu. Iwo adati, "Mwambo umati aliyense wowolotsedwa aponye njere. Sufunsa msinkhu wa woponyayo. Bwato la Nyani lapambana."

Khamu litabalalika, mayi Mvuu adamuitanira Nyani pambali.

"Mwana wanga, ukudziwa chifukwa chake makolo adaika mwambo wa mapirawu?"

"Kuti adziwe bwato lokondedwa, mayi."

"Ayi. Ankafuna adziwe bwato loyesedwa. Bwato limene lanyamula ambiri lalemedwapo, lamwa madzi mpaka m'milomo, thabwa lake lafufuma n'kutseka ming'alu. Mwini wake naye amadziwa kulemera kwa nkhafi. Lakoli lidalemedwapo?"

Nyani adayang'ana bwato lake, mayi Mvuu n'kupitiriza.

"Ndikupempha ngati mayi wako. Malo ndi ako, sindikulanda. Koma chaka chino musiyire Katumbu ng'oma, iwe ubwere pambuyo pake utanyamula maluwa. Chaka chamawa, utawolotsa a Nguluwe ndi anzawo, udzatsogolera popanda wokutsutsa."

Kunena zoona, mawuwo adamulowa Nyani. Adakumbukira timing'alu tija. Koma adamvanso mawu akale aja akulira m'makutu mwake, akuti wakumapiri, wakumapiri.

"Pambuyo pa Katumbu?" adatero motsitsa mawu. "Mayi, ine ndakhala pambuyo pa a Katumbu moyo wanga wonse. Mawa lokhali ndiloleni."

Mayi Mvuu adausa moyo. "Chabwino. Ine ndidzakhala ndikusambira chapafupi."

Kutacha, mtsinje udadzaza mabwato. Anyani onse adatsika kumapiri kudzaona mbale wawo, adadzaza m'mitengo ya m'mbali mwa madzi. Amphamvu adanyamula ng'oma yaikulu n'kuikhazika m'bwato la Nyani, bwato lidatsika. Nguluwe adakwera, bwato lidatsikanso, madzi adafika pafupi ndi milomo. Nyani adaponya nkhafi, adamva ngati akupalasa phala. Sadalidziwe bwato lake lomwe.

Koma ng'oma italira, zonse adaiwala. Di! Di! Di! Mabwato onse pambuyo pake adaponya nkhafi pamodzi, nthungululu zidang'amba mlengalenga, anyani m'mitengo ankalumpha akuitana dzina lake. Iye, wakumapiri, patsogolo pa mtsinje wonse! Misozi idatsika yokha, ndipo sadaipukute. Chimwemwe chimenecho chidali chenicheni, ana inu, musamuchotsere.

Atafika pakati pa mtsinje, adamva kumapazi kuzizira.

Adayang'ana pansi. Timing'alu tija tonse tidali pansi pa madzi tsopano, ndipo kalikonse kankalavula madzi m'kati, uku ndi uku.

"A Nyani, tikumira!" adakuwa Nguluwe. "Chikho chokapira madzi chili kuti?"

Chikho chiti? Wonyamula nyerere adakapapo madzi liti? Nyani adasiya nkhafi n'kuyamba kukapa ndi manja. Bwato lidatembenuka chammbali, madzi adalowera pamwamba. Mantha adamugwira, pakuti kusambira sankadziwa. Adaimirira n'kufuula ndi mawu ake onse:

"Inu nonse amene ndidakuwolotsani, ndithandizeni!"

Ndipo zidabweradi. Nyerere zonse zidathamangira kumadzi, zakuda, zofiira, za kuchulu ichi, za kuchulu icho, palibe idatsala. Zidafika pamene mchenga umathera n'kuima. Timawu tawo tinkamveka chapansipansi:

"Pepani, a Nyani! Pepani, bambo!"

Zikadachitanso chiyani, abale anga?

Bwato lidati mbwii, kulowa pansi ndi maluwa ake omwe. Katumbu adadumphira m'madzi n'kumugwira Nyani pakhosi, Nguluwe adasambira yekha, mayi Mvuu adavuula ng'oma pamsana pawo. Onse adakwezedwa m'bwato lakuda lija, Nyani adakhazikidwa m'matope pafupi ndi Nungu, akunjenjemera.

Nguluwe adaimika ng'oma n'kuimenya. Phwa. Adaimenyanso. Phwa. Chikopa chidali chitanyowa, mawu adathawa. Chaka chimenecho mabwato adapita kuchilumba opanda ng'oma, nkhafi zikuwombana, uyu kuponya apa, uyo kuponya apo, nyimbo zosagwirizana mpaka zidazima. Kumtunda nthungululu zidatha, m'mitengo anyani adakhala duu.

Palibe adamukalipira Nyani. Katumbu adangomufunsa, "Mwamwa madzi ambiri, achimwene?" Nungu adasendeza minga yake kuti isamubaye. Zimenezo ndiye zidamupweteka koposa, bola akadamutukwana. Ulendo wonse adangoweramira pansi, akumvetsera phokoso la nkhafi zosokonekera, akudziwa kuti amene watsekera mtsinje wonse pakamwa ndi iye.

Nsembe idathiridwa, mabwato adabwerera. Nyani atatsika padoko adapeza nyerere zikumudikira, zitandanda bwinobwino monga mwa masiku onse. Mkulu wawo adasendera pafupi mwaulemu.

"Tathokoza kuti mwapulumuka, bambo. Nanga mawa mutiwolotsa nthawi yanji?"

Nyani adayang'ana pamadzi pamene padamira bwato lake. Padali bata, ngati sipadachitike kanthu. Adazilambalala nyererezo mosamala kuti asaponde ngakhale imodzi, n'kuyamba kukwera phiri.

Nthano yanga yakocheza pamenepa, tsikani bwino. Koma potsika mutenge ichi: malo aulemu mungathe kuwapeza mochenjera, koma katundu wa pamalopo adzafuna mphamvu zimene mudaziyesa kale.